Sutikesi ndi imodzi, magemu ndi atatu: tigule iti?

Lachiwiri madzulo

Bambo a Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Pepani, lero sindikubwera ndi nkhani ya maliro kapena ya mapasipoti. Chemwali anga a ku Leeds akubwera pa Khirisimasi, ndiye andiuza kuti ndisankhe chinthu chimodzi cha ana. Koma chisadye sutikesi yonse, chifukwa makilo ndi 23 okha ndipo theka lapita kale ku nsapato ndi majuzi a amayi. Ine mtima uli pa gemu ya pa tebulo, zija aliyense amakhala ndi kachidole kake n'kumalowa m'mapanga apansi pa nthaka kukalimbana ndi zilombo ndi kusaka chuma. Ndaonera pa YouTube mpaka bandulo kutha kawiri. Mayina atatu ndi amene akundizunguza mutu: HeroQuest, Descent ndi Gloomhaven. Iliyonse ilinso ndi mabokosi ake owonjezera, ndipo ndikangowaona ndimafuna onse. Amene munazigwirapo ndi manja, ndithandizeni. Safunsa anadya phula.

Yamikani: Eeee mpaka gulu lathu lafika pa nkhani imeneyi? Ndimayesa ndili ndekha mu Harare muno kkkk

aMbewe ku Avondale: Gloomhaven. Nkhani yatha, tiyeni tikagone.

Mai a Mphatso: Bambo a Tadala, musanamvere aMbewe tiuzeni kaye kuti osewera ndi ndani. Ana ali ndi zaka zingati? Mudzakhala angati pa tebulo? Nanga tebulolo ndi lomwe mumadyerapo nsima?

Bambo a Tadala: Tadala ali ndi 13, mlongo wake 9. Kenako ine, alamu anga amene timakhala nawo kuno ku Waterfalls, ndi mayi a kunyumba ngati atavomera. Tikhoza kukwana asanu. Tebulo ndi lomwelo limodzi, lodyera, lolembera homuweki, ndi lositira Loweruka.

aMbewe ku Avondale: Chabwino, ndifotokoze bwino poti ndaoneka ngati wachipongwe. Gloomhaven anaipanga Isaac Childres, inatuluka 2017, ndipo kwa zaka zingapo inali pa nambala 1 pa BoardGameGeek, webusaiti imene anthu amavoterapo magemu a pa tebulo. Mulibe dayisi mmenemo. Munthu aliyense amakhala ndi makhadi m'manja, ndipo khadi lililonse lili ndi zochita ziwiri, ya pamwamba ndi ya pansi. Ikafika nthawi yako umasankha makhadi awiri, n'kugwiritsa ntchito pamwamba pa lina ndi pansi pa linzake. Kukoma kwake kuli apa: makhadiwo ndiwonso mphamvu zako. Akatha m'manja umapuma kuti uwatolerenso, koma ukapuma limodzi limatayika mpaka ulendo umenewo utatha. Ndiye ukamachedwa m'phangamo manja amanka naphwa, mpaka munthu wako amagwa ndi kutopa chilombo chisanamukhudze n'komwe. Zili ngati kuyenda ndi madola 20 kuyambira pa 15 mpaka mwezi uthe. Maulendo alimo 95, anthu oti n'kusewera 17, ambiri mwa iwo otsekeredwa m'timabokosi toti usatsegule mpaka nkhani ikuloleze. Zinazo ndi zoseweretsa ana. Iyi ndiye gemu.

Mai a Mphatso: Mwaiwala kunena kulemera kwake.

aMbewe ku Avondale: Pafupifupi makilo 10.

Bambo a Tadala: Makilo 10?? Chemwali anga angandichotse pa ubale.

Mai a Mphatso: Komanso imalola anthu anayi basi. Wachisanu azidzangophika tiyi.

Malume wa mabasi: Anthu a Mulungu, amene akufuna malo opita ku Blantyre pa Disembala alembetse msanga, tikudzera Nyamapanda, Tete, Mwanza monga mwa nthawi zonse. Katundu wolemera tiziuzana kale.

Admin: Malume, zotsatsa ndi Lachisanu. Mukudziwa.

Malume wa mabasi: Ndamva makilo 10 ndiye ndimayesa pali bizinesi.

Yamikani: Ine ndiikire kumbuyo Descent pang'ono. Koma samalani, pali ma Descent angapo ndipo anthu amasokoneza. Woyamba ndi Journeys in the Dark wa 2005, wa kampani ya Fantasy Flight Games. Ameneyo ulendo umodzi unkatha kudya tsiku lonse. Mu 2012 anatulutsa wachiwiri, wofupikirapo, ndipo ndi amene timasewera ndi anzanga ku Mount Pleasant. Anthu anayi amakhala ngwazi, wachisanu amakhala Overlord, mwini zilombo zonse. Overlord ameneyu sakhala woyimbira ayi, amasewera kuti apambane, ali ndi makhadi ake a misampha ndipo nayenso amakula mphamvu nkhani ikamapita. Kenako mu 2021 kunabwera Legends of the Dark, yokongola zedi, ili ndi masitepe ndi zipilala za katoni zoimirira pa tebulo, koma siyenda popanda app ya pa foni kapena pa kompyuta. App ndi imene imayendetsa zilombo ndi kusunga pamene mwafika.

Bambo a Tadala: Ya 2021 ndi imene ndinaiona pa vidiyo. Maso anatuluka.

Yamikani: Chikomekome cha mkuyu, akulu. Sindikunena kuti ndi yoipa, koma ganizani za kwathu kuno. Magetsi apita 5 koloko m'mawa, abwera 10 usiku. Foni ili pa 12%, pawabanki mayi a kunyumba atenga kuti amvere ulaliki. Bokosi lonselo limasanduka chokongoletsa pa kabati. Komanso ndi ya anthu anayi.

Bambo a Tadala: Nanga wa 2012yo?

Yamikani: Anasiya kupanga. Bokosi lalikulu mwina chemwali anu angalipeze kwa anthu ogulitsa zakale, koma owonjezera ake ngati Labyrinth of Ruin, Shadow of Nerekhall kapena Lair of the Wyrm mitengo yake ndi ya kaunjika wa pa Borrowdale. Wathu tinachita kusiyiridwa ndi mnzathu amene anabwerera kwawo, ndipo mukusowa kachilombo kamodzi, timaikapo chitsekerero cha botolo.

Mai a Mphatso: Ine vuto langa ndi Descent si mtengo. Bambo akakhala Overlord n'kumasewera mofuna kupambana, mwana wa zaka 9 alira usiku woyamba ndipo sadzabwereranso pa tebulo. Bambo akamanyengerera, gemu imafa chifukwa inapangidwa kuti mbali zonse zilimbane. Imeneyo ndi ya anyamata a msinkhu umodzi ngati a Yamikani, oti akatukwanana mawa amagawana ndudu.

Yamikani: Sindisuta ine mayi kkkk. Koma zoona, dayisi yabuluu yomenyera ikagwa pa X, kusonyeza kuti waphonya, timatha mphindi 5 tisakulankhulana.

Agogo aPhiri Mabvuku: Ana anga ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mdzukulu ndiye akundilembera. Ya dzina loyamba ija, HeroQuest, kodi ndi ija ili ndi timipando, timakabati ta mabuku, manda, ndi timafupa ta anthu tonyamula zikwakwa?

Yamikani: Agogo!! Mwaidziwira kuti?

Agogo aPhiri Mabvuku: Ndinkaipukuta fumbi. Ine ndinachoka ku Dedza kubwera kuno mzinda uno ukutchedwa Salisbury, ndipo ndakhala ndikuphika m'nyumba za azungu zaka zambiri. Cha m'ma 1991 ndinali ku Highlands, pa banja lina lochokera ku England. Anyamata awo awiri anabwera nayo patchuthi. Ankayala pa kapeti, wamkulu n'kubisala kuseri kwa kakatoni koimirira, kumawerenga buku ndi mawu onenepa ngati m'busa wa pa maliro. Wamng'ono akatsegula chitseko, wamkuluyo ndiye amaika zimene zili m'chipindamo. Chipinda chisanatsegulidwe bolodi imakhala yopanda kanthu. Tsiku lina anasowa munthu wachitatu ndiye anandikoka ku khitchini, epuloni ili m'chiuno. Anandipatsa kamunthu kafupi kandevu konyamula nkhwangwa. Ndinati aka ndi kamwandionerapati aka. Ndinagwera m'dzenje kawiri, nyama ya pa moto n'kupserera. Adona sanakondwe. Mfiti yaikulu ya m'nkhanimo dzina lake linali Morcar, sindinaiwale chifukwa ankandiopseza nalo.

aMbewe ku Avondale: Iyi ndiye mbiri. Agogo mwatiposa tonse.

Yamikani: Ndi yomweyo agogo. Inatuluka 1989 ku Britain, ya Milton Bradley mogwirizana ndi Games Workshop. Ku America mfitiyo anaitcha Zargon, ndipo pamene Hasbro anaitulutsanso mu 2021 pansi pa dzina la Avalon Hill anasunga la Zargon. Mipando ija tsopano ndi ya pulasitiki yokhayokha, kale ina inali yosakaniza ndi katoni.

Agogo aPhiri Mabvuku: Kaya Zargon kaya Morcar, mfiti ndi mfiti.

Nachisale: Pamenepo ndi pamene ndimadikira. Abale, ine ndisaname, nkhani imeneyi ikundipatsa mantha. Mukunena nokha kuti mfiti, manda, mafupa oyenda. Ndaona chithunzi cha madayisi ake, pali zigaza za anthu. Zimenezi mukufuna kuika pa tebulo lomwe ana amapemphererapo chakudya? Ife tinakula tikuuzidwa kuti zinthu zina suziitana m'nyumba ngakhale mwa nthabwala. Bambo a Tadala, akazi anu ndi a Mvano anzanga, mwawafunsa?

Bambo a Tadala: Ndinawaonetsa vidiyo. Anangoti "hmm" n'kupitiriza kusenda mbatata. "Hmm" ameneyo ndakhala naye zaka 15 koma sindinamumvetsebe.

Mai a Mphatso: Anachisale, nkhawa yanu si yopusa, ndipo nyumba iliyonse ili ndi malire ake. Koma ine ndimaona chonchi. Agogo anga ku Ntcheu ankatikhazika pa moto, "padangokhala", ife "tili tonse", kenako kumabwera zimphona zodya anthu, afisi ovala zikopa za anthu kukafunsira mbeta, mitu yolankhula. Tinkagona tikunjenjemera, mawa n'kupemphanso ina. Palibe anasanduka mfiti. Mu gemu imeneyi ana ali mbali yolimbana ndi choipacho. Chigaza cha pa dayisi chimangotanthauza kuti nkhonya yafika. Mbali zitatu za dayisiyo ndi zigaza, ziwiri ndi zishango zoyera, imodzi chishango chakuda. Ngwazi zimadziteteza ndi zoyera, zilombo ndi chakuda. Ndi masamu basi, mwana amaphunzira yekha kuti bwanji iye amapulumuka kawirikawiri kuposa chilombo.

Nachisale: Nanga uja amaponya matsenga? Si mmodzi wa ngwazizo?

Mai a Mphatso: Eya, alipo. Sindikubisirani. Ali ndi makhadi a moto, madzi, mphepo ndi nthaka. Ngati zimenezo sizikukhalani bwino, ndiye pafupifupi magemu onse a mtundu uwu sakuyenerani, chifukwa ngakhale yanga ya Mice and Mystics, ya timbewa tolimbana ndi mphemvu ndi makoswe, nkhani yake imayamba ndi mwana wa mfumu kusandulika mbewa. Mugule Ludo, palibe tchimo.

Nachisale: Ine kwanga ayi. Koma sindiletsa a eni nyumba. Ndangonena kuti mawa musadzati panalibe wochenjeza.

Agogo aPhiri Mabvuku: Mwana wanga Nachisale, ufiti weniweni subwera m'bokosi la mtengo wolembedwa. Umabwera ndi m'bale wako akumwetulira.

Admin: Agogo, imeneyo tisaitsegule usiku uno chonde.

Lachitatu m'mawa

Bambo a Tadala: Mwadzuka bwanji. Ndagona ndikuganiza. Zikuoneka kuti HeroQuest ndi imene ikukwana anthu asanu popanda foni. Tsono ndalemba mndandanda woti nditumize ku Leeds: bokosi lalikulu, Kellar's Keep, Return of the Witch Lord, The Frozen Horror, ndi The Mage of the Mirror. Chemwali sabwera chaka chilichonse, ndiye bola kumenyeratu.

Mai a Mphatso: Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

aMbewe ku Avondale: Apa ndigwirizana ndi mayi, ngakhale dzulo anandigwetsa. Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine. Nditagula Gloomhaven ndinaitanitsanso Forgotten Circles nthawi yomweyo, poganiza ngati inu kuti mwayi subwera kawiri. Nditafika nayo ndi pamene ndinawerenga kuti bokosi limenelo ndi la anthu amene amaliza nkhani yaikulu. Pano padutsa zaka zitatu, tasewera maulendo 31, mmodzi wa gulu lathu anasamukira ku Gweru, wina anakwatira ndipo Loweruka lake lili ndi mwini. Forgotten Circles ikadali m'pulasitiki mwake pamwamba pa wadilopu, ikusunga fumbi ndi nyerere. Ndalama imeneyo ikanagula batire la sola.

Yamikani: Muwauzenso za wonyamula katundu uja kkkk

aMbewe ku Avondale: Asa, usandikumbutse. Ndinatuma munthu wa maoda a ku Johannesburg, awa amatibweretsera katundu pa basi. Iye ataona kukula kwa bokosi anati likudya malo a mafuta ophikira. Analitsegula, n'kukhuthulira zonse m'thumba lija la mizeremizere. Timabokosi tachinsinsi tija, toti utsegule pakapita miyezi, anatsegula tonse kuti aphwatalitse makatoni. Maenvulopu omata anang'amba kuti aone ngati muli ndalama. Ndinakalandira ku Roadport thumba likulira ngati la zitsekerero, iye akumwetulira kuti "bwana ndakupulumutsirani malo". Ndinakhala masiku awiri pansi ndikusankhula makhadi ngati mpunga, diso limodzi nditatsinzina kuti ndisaone zinsinsi.

Malume wa mabasi: Sanali ine, zidziwike.

Bambo a Tadala: Kkkkk pepani aMbewe. Koma HeroQuest ilibe zinsinsi zotero eti?

Yamikani: Chinsinsi chili m'buku la maulendo lokha, limene amawerenga Zargon, ndiye kuti wosewera amene amayendetsa zilombo. Mulibise pamene Tadala safika. Koma za mndandanda wanu, tiyeni tiwerenge. Bokosi lalikulu lili ndi maulendo 14. Mukamasewera Loweruka lililonse osaphonya, imeneyo ndi miyezi itatu kuposerapo pang'ono. Ndipo mudzaphonya, pali maukwati, maliro, mayeso a ana. Ena mudzabwereza chifukwa ngwazi zafa. Kunena zoona bokosi limodzilo likufikitsani nthawi yozizira.

Bambo a Tadala: Nanga likatha?

Yamikani: Likatha ndiye Kellar's Keep kapena Return of the Witch Lord, lililonse maulendo 10. Awiriwa amapitiriza nkhani ya m'bokosi lalikulu. Witch Lord mumakumana naye m'maulendo omaliza a buku loyamba, ndiye kugula kubwerera kwake musanamuone n'komwe kuli ngati kugula nsalu ya chinkhoswe mkazi usanamufunsire. The Frozen Horror musiyeni kaye. Anaipangira Barbarian, ngwazi yamphamvu ya lupanga, maulendo atatu oyamba amayenda yekha ena akungoonerera, ndipo imadziwika kuti ndi youma kwambiri. The Mage of the Mirror ndi chimodzimodzi koma ya ngwazi ina yotchedwa Elf. Pa nyumba ya anthu asanu ofuna kusewera onse, zimenezo zibweretsa ndewu. Ndipo onsewa sayenda okha, amafuna bolodi ndi zidole za m'bokosi lalikulu.

Agogo aPhiri Mabvuku: Anyamata a ku Highlands aja atamaliza buku sanagule kanthu. Ankajambula mapanga awo pa pepala la masamu la timabokosi, kuika misampha pamene akufuna. Wamng'ono anapanga wina woti chuma chonse chinali m'chimbudzi.

Mai a Mphatso: Imeneyo ndiye mfundo imene ndimafuna. Bolodi ya HeroQuest ndi imodzi yosasintha, zipinda ndi tinjira zinajambulidwa kale, chimene chimasintha ndi pamene waika zitseko ndi miyala yotseka njira. Mwana wa zaka 13 akhoza kulemba ulendo wake madzulo amodzi. Tadala akadzayamba kukhala Zargon n'kumakuphani inu bambo ake m'phanga lolemba yekha, simudzakumbukanso za mabokosi a ku Leeds.

aMbewe ku Avondale: Koma ndinene chilungamo chimodzi, kuti musadzanditukwane mu Epulo. HeroQuest ndi yopepuka. Umaponya madayisi awiri ofiira kuti uyende, umatsegula chitseko, umamenya, umasaka chuma. Ukasaka umatola khadi, mwina golide, mwina msampha, mwina chilombo chongotulukira. Pakati pa maulendo umagula zida ndi golide uja. Basi. Kwa ana ndi alamu ndi zokoma. Kwa munthu wamkulu wokonda kuswa mutu, pofika ulendo wa 8 mudzayamba kuyasamula. Mukadzafika pamenepo musathamangire bokosi lina la HeroQuest poganiza kuti lisintha kaseweredwe, limangowonjezera zilombo ndi nkhani. Mudzafune Jaws of the Lion.

Bambo a Tadala: Imeneyonso ndi iti? Mwayamba kundiwonjezera mavuto.

aMbewe ku Avondale: Mng'ono wake wa Gloomhaven, wa 2020. Bokosi laling'ono, mtengo wotsika kwambiri, maulendo 25, anthu anayi oti musankhepo. Mapu ali m'buku momwemo, mumangotsegula tsamba n'kuika zidole pamwamba, osati zoyala matailosi theka la ola ngati ine. Maulendo asanu oyamba amakuphunzitsani malamulo pang'onopang'ono. Ndikanadziwa ndikanayambira pamenepo. Inu ndi Tadala ndi alamu mukhoza kuisewera wamng'ono akagona. Koma chaka chamawa, osati pano.

Yamikani: Onani aMbewe atembenuka mtima pamaso pa mpingo.

aMbewe ku Avondale: Sindinatembenuke. Frosthaven, yotsatira ya Gloomhaven, ikanakhala yonyamulika bwenzi ili kwanga. Anthu anaisonkhera pafupifupi madola 13 miliyoni pa webusaiti yosonkherapo ndalama ya Kickstarter mu 2020, ndipo ndi yolemera kuposa mkulu wake. Ndikungodikira m'bale wokhala ndi kontena.

Nachisale: Madola 13 miliyoni pa zidole. Ambuye bwerani.

Mai a Mphatso: Bambo a Tadala, kanthu kena kakang'ono. Chingerezi cha pa makhadi. Wa zaka 9 amawerenga bwino? Mu HeroQuest owerenga kwambiri ndi Zargon ndi uja wa matsenga, ali ndi makhadi 9. Wamng'ono mupatseni Barbarian, madayisi atatu omenyera, moyo 8, palibe zowerenga, kumangophwanya. Wa matsenga ali ndi moyo 4 wokha, akangotsogola wafa. Ameneyo apite kwa munthu wodekha.

Bambo a Tadala: Mwana wanga wamkazi ndikumudziwa. Akangomva kuti pali wina woponya moto, za lupanga sadzazifuna.

Mai a Mphatso: Ndiye mudzakonzeke kupukuta misozi.

Bambo a Tadala: Chabwino, ndafufuta mndandanda. Bokosi lalikulu lokha. Ndawauza chemwali kuti asalitsegule, asalikhuthule, asaliike pansi pa nsapato za amayi. Ayankha kuti bokosilo ndi lalikulu ngati la keke ya ukwati ndipo ndiwalipira ndi matemba ndi chambiko akamabwerera.

Yamikani: Likafika mundiitane ndidzakuphunzitseni. Kombi ndilipira ndekha, inu nsima.

28 Disembala, usiku

Bambo a Tadala: Abale, Khirisimasi yabwino mochedwa. Ndabwera ndi lipoti. Katundu anafika wamoyo, kona imodzi yokha ndi imene inaphwanyika. Tasewera kawiri. Usiku woyamba magetsi anapita tikungoyala bolodi, ndiye tinaika nyale ya sola pakati pa tebulo, ndipo ndikuuzeni, zithunzithunzi za tizidole tija pa khoma zinachita kukometsa. Ine ndinali Zargon kuseri kwa kakatoni. Ulendo woyamba umatchedwa The Trial, ndipo dzinalo silinama. Monga ndinanenera, wamng'ono analanda wa matsenga. Alamu anatenga kamwandionerapati ka agogo, Tadala Elf. Barbarian anatsala pa tebulo wopanda mwini.

Yamikani: Musandiuze...

Bambo a Tadala: Mayi a kunyumba anali pa mpando akuluka, akuti iwo zimenezi ayi. Tafika chipinda chachitatu, alamu chifukwa cha dyera anasiya ana n'kupita okha kukasaka chuma, anatola khadi la chilombo. Wamng'ono anatsegula chitseko china payekha, n'kukumana ndi zilombo ziwiri zotchedwa ma orc maso ndi maso. Moyo 4 uja unatsala 1. Mlomo unayamba kunjenjemera. Ndinangomva zoluka zaikidwa pansi. "Tabweretsani chimunthu chamaliseche icho." Anaponya madayisi atatu, zigaza zitatu. Anaponyanso ulendo wina, chilombo chachiwiri pansi. Kenako anayamba kulamula aliyense, iwe ima apa, iwe usatsegule, achimwene mukasakanso chuma nokha mugona ndi njala. Tinagona 11 koloko.

Mai a Mphatso: Kkkkkkk "hmm" uja tamumasulira tsopano.

aMbewe ku Avondale: Munafika kwa chilombo chachikulu chamapiko cha mu The Trial?

Bambo a Tadala: Tinafika usiku wachiwiri, titayambiranso. Woyamba alamu ndi Tadala anafa. Ndivomere kuti pena ndinabera, dayisi ina inagwa pa chigaza ine n'kunena kuti yaphonya, poti kuseri kwa kakatoni palibe amaona. Tadala wandigwira dzulo, akuti madayisi ndiziponyera poyera.

Yamikani: Mwanayo akunena zoona, omenyera amaponyedwa poyera akulu. Kakatoni ndi kobisira buku.

Bambo a Tadala: Iwe unalonjeza kubwera kudzatiphunzitsa, uli kuti?

Yamikani: Ndili ku Mulanje kwa agogo, ndinakwera ya Malume. Tinagona pa boda.

Malume wa mabasi: Mzere unali wautali, si vuto la galimoto.

Nachisale: Ndakumana nawo mayi a Tadala ku tchalitchi. Ndawafunsa, angoseka n'kunena kuti ndibwere Loweruka ndidzaone ndekha. Ndipita kukamwa tiyi basi. Madayisi sindigwira.

Bambo a Tadala: Tiyi adzakhalapo. Koma vuto latsopano ndi ili: chemwali ataona mmene ana akondwera akuti atumiza Kellar's Keep ndi mnzawo amene akubwera pa Isitala. Ndikane?

aMbewe ku Avondale: Muli pa ulendo wachingati?

Bambo a Tadala: Wachiwiri. Tikukapulumutsa Sir Ragnar mawa.

aMbewe ku Avondale: Auzeni atumize batire la nyale.

Agogo aPhiri Mabvuku: Mdzukulu wandiwerengera zonse. Loweruka likubwerali mundisungire kandevu kanga, alamu anuwo sakukasamala. Ndikwera kombi ya m'mawa, ndibwera ndi bawo langa kuti amene wafa msanga asamangokhala. Koma mundiuziretu, timafupa tija tikadali ndi zikwakwa?

Bambo a Tadala: Tikadali nazo agogo. Kamodzi chikwakwa chinapindika m'sutikesi, Tadala wachiwongola ndi madzi otentha.